Kalata Imene Heather Sankalemba

Mutu 6

1. Zala ziwiri pachipumi

"Tibwerezenso!"

Mawuwo anachokera m'kachipinda ka magalasi kam'mwamba, m'mene Bambo Naylor, mkulu wa sewero, ankakhala ndi ndudu yawo. Aka kanali kachisanu ndi chinayi tsiku limenelo. Lorna Garside anausa moyo, n'kubwerera pakachizindikiro koyera kamene anamulembera pansi kuti azidziwa poima.

Lorna anali ndi zaka khumi ndi zisanu. M'chaka chimenecho cha 1975 panalibe mwana wasukulu ku England kuno amene sankaidziwa nkhope yake, ngakhale ambiri dzina lake lenileni sankalidziwa. Iwo ankadziwa Vela, mtsikana wa tsitsi lasiliva wa m'sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa Omva Patali. Lachitatu lililonse nthawi ya tiyi wamadzulo misewu inkangoti zii. Ana onse amakhala ali m'nyumba, kuonera Vela ndi anzake atatu akuyankhulana m'maganizo osatsegula pakamwa, wina ali kumwezi, wina pansi pa nyanja.

Koma mukanaona m'mene zinkapangidwira, mukanaseka mpaka nthiti kuwawa. Situdiyo yake inali nyumba yakale yosungiramo ubweya kunja kwa mzinda wa Bradford, ndipo mvula ikagwa munkanunkhabe nkhosa. Chombo cham'mlengalenga chinali cha makatoni opaka penti. Kuyankhulana m'maganizo kuja kunali motere: Lorna ankaika zala ziwiri pachipumi n'kutong'olera maso kamera, ndipo munthu wina kuseri ankayatsa tepi ya mawu amene Lorna yemweyo anajambula Lolemba. Ntchito yake inali kungoima duu mpaka tepi ithe. Akaphethira, abwereze. Tepi ikachedwa, abwereze. Nkhunda ikalira padenga, abwerezenso.

Tsitsi lasiliva lija linali wigi, ndipo ankamuyabwa, magetsi ankamuotcha. Pamwamba pa zonsezi lamulo la boma linkati mwana wochita sewero aziphunzirabe maola atatu pa tsiku. Ndiye akangovula wigi ankapita m'kachipinda kopanda windo, m'mene Mayi Ackroyd ankamudikira ndi buku la masamu. Mayiwa anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo kampani inawalemba kuti azimuphunzitsa ndi kumuyang'anira kulikonse kumene akupita.

Lachisanu limenelo masamu anakanika. Lorna anasinza cholembera chili m'manja.

"Dzuka, mwanawe," anatero Mayi Ackroyd. "Masamu tiwasiye, wandimvetsa chisoni. Koma awa ndiye akukudikira."

Anamukankhira mulu wa makhadi. Mlungu uliwonse ana mazanamazana ankalembera Vela makalata. Lorna sankawawerenga, nthawi yake akanaitenga kuti? A ku ofesi ndi amene ankawatsegula, n'kukopera adiresi pa envulopu. Iye ankangosaina makhadi osindikiza kale, onse ofanana. Kutsogolo kunali chithunzi chake, zala zili pachipumi. Kumbuyo kunali mawu akuti: "Ndinamva maganizo ako kalata yako isanafike. Limbikira, uli ndi mphatso." Pansi pake iye ankalemba kuti Vela.

Tsiku limenelo anasaina mazana awiri, mpaka dzanja kuchita dzanzi.

2. Chenjezo la Bambo Naylor

Ali pafupi kumaliza, Bambo Naylor analowa osagogoda. Anali munthu wa ku London, wa tayi wamkulu ngati thewera la mwana, ndipo ankayankhula ngati sitima ikumusiya.

"Tamvera kuno, Lorna. Mawa tikupita kuchikondwerero cha anthu a mumgodi, uko kufupi ndi Barnsley. Ukakhala patebulo maola awiri, kusaina ndi kumwetulira, basi. Ndikubwerezanso lamulo lija, chifukwa ana inu mawu amalowera khutu ili n'kutulukira linali. Ukangovala wigi uja, kulibenso Lorna. Mwana akakufunsa kuti, 'Kodi mumamvadi?' iwe uziti, 'Eya.' Akati, 'Nanga ndikuganiza chiyani?' uziti, 'Lamulo la Omva sililola kuulula pagulu.' Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Usandiyang'ane choncho. Ndikudziwa kuti ndi bodza, makatoni aja ndinagula ndine. Koma ana mamiliyoni amathamanga pochokera kusukulu chifukwa cha bodza limeneli, ndipo anthu makumi anayi m'nyumba muno amadyera pomwepo. Uja wa kamera ali ndi ana anayi. Desmond ukumukumbukira, eti? Mnyamata uja ankasewera bwino kukuposa iwe. Anauza mtolankhani kuti zonse ndi tepi, ati nthabwala. Mlungu wotsatira tinangolemba kuti chombo chake chasochera kuseri kwa dzuwa, ndipo mpaka lero sichinabwerere. Panopa akugulitsa nsapato m'sitolo ya amalume ake ku Halifax. Sindikukuopseza ayi, ndikungokutsina khutu. Atsikana ofuna wigi ameneyo ndi ambiri, ndikangotsegula chitseko angapondane."

"Mwanayu watopa, a Naylor," anatero Mayi Ackroyd. "Loweruka ndi tsiku lake lopuma."

"Tonse tatopa, mayi. Adzapuma akadzakalamba."

Anatuluka, n'kusiya utsi wa fodya m'kachipinda kopanda windo kaja.

3. Makhadi asanu ndi awiri

Loweruka kunacha ndi mvula yamawawa. Ife a kuno ku Yorkshire mvula siitiletsa chikondwerero, timangovala majasi. Bandi ya malipenga ya mumgodi inkaimba pabwalo, mbendera zonyowa zili lendelende, ndipo fungo la tchipisi ndi malasha linali ponseponse. Tenti ya Vela anaiika pakati pa tebulo la makeke ndi khola la akalulu a mpikisano.

Mzere wa ana unafika mpaka kumsewu. Lorna anasaina, anamwetulira, anaika zala pachipumi kuti amujambule. Kasanu konse ananena kuti lamulo la Omva sililola kuulula pagulu. Ola litatha masaya anali atauma ndi kumwetulira, ndipo Mayi Ackroyd analamula kuti apume. Anamutengera kuseri kwa tenti n'kumupatsa tiyi wa m'fulasiki ndi sangweji ya tchizi. Bambo Naylor anali kutali, akucheza ndi mtolankhani wa nyuzipepala ya m'deralo.

Ndi pamene panafika mayi wina wowonda, wa mpango kumutu, atapanira chikwama m'khwapa.

"Pepani, ndinu amene mumamuyang'anira mtsikanayu? Ine ndine Mayi Sugden. Siginecha sindikufuna ayi, zadzaza kale kunyumba kwanga."

Anatsegula chikwama, n'kuyala makhadi asanu ndi awiri pabokosi pamene panali tiyi. Onse anali ndi dzina la Vela, lolembedwa ndi dzanja la Lorna.

"Awa ndi a mwana wanga Heather. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ali pamzerepo, wa jasi lofiira. Amuna anga, a Clifford, denga la mgodi linawagwera mu Malichi. Msana unathyoka. Ali kuchipatala cha a misana, mabasi atatu kuchokera kuno, ndipo madokotala atiuza kuti sadzayendanso. Mukudziwa lamulo la m'zipatala zathuzi, mwana wosakwana zaka khumi ndi ziwiri salowa muwodi. Ndiye kuyambira Malichi bambo ndi mwana sanaonane."

"Pepani kwambiri, mayi," anatero Lorna.

"Dikira, mwanangu, sindinamalize. A Clifford amamulembera mwanayu mlungu uliwonse, chogona chagada, pepala atalipanira pathabwa. Iye kuyankha, ng'o. Olo mzere umodzi. Amati palibe chifukwa, poti amayankhula nawo m'maganizo tsiku lililonse akaweruka kusukulu. Amakhala pamasitepe, zala pachipumi, mpaka tiyi kuzizira. Ndamunyengerera, ndamukalipira, tsiku lina ndinamumenya kumene, Mulungu andikhululukire. Amangonditulutsira khadi. Kachitidwe kake n'koti amayamba wakutumizira iwe maganizo, kenako amalemba kalata yofunsa ngati wamva. Ndiye iwe umayankha kuti unamva. Kasanu n'kawiri! Nanga mawu a ine mayi wake angapose a Vela?"

Lorna anaika sangweji pansi. Manyazi anamugwira, ndipo anasowa poyang'ana.

"Bambo akewo simunawafotokozere?" anafunsa Mayi Ackroyd.

"Ndawafotokozera kangati? Amati ndikungowatonthoza. Munthu wa mumgodi angakhulupirire zoti mwana wasiya kulemba chifukwa cha kanema? Iwo akuti mwana akuwaopa, akuchita manyazi ndi bambo wa panjinga ya olumala. Tsopano a chipatala awapatsa mapepala. Asankhe, kubwera kunyumba kapena kupita kunyumba yosungirako olumala, uko kugombe la nyanja. Akuti, 'Doreen, mwana amene sangandilembere ngakhale moni, ndikamuvutitsirenji m'nyumba? Bola ndipite kugombe.' Mawa Lamulungu ndi tsiku loona odwala. Ndikapita chimanjamanja, basi, zatha."

Anatolera makhadi aja mmodzimmodzi.

"Sindikudziwa kuti umuuza chiyani. Koma wamanga ndiwe, umasule ndiwe. Ndikukamutenga."

4. Mawu a Mayi Ackroyd

Mayi Sugden atangokhota, Lorna anagwira mkono wa aphunzitsi ake.

"Nditani, amayi? A Naylor ali apo."

"Ndawaona."

"Ndapeza nzeru. Ndimuuza ngati Vela kuti makoma a chipatala ndi okhuthala, maganizo sadutsa, ndiye azilemba kalata. Aliyense akondwa. Si choncho?"

Mayi Ackroyd anatseka fulasiki pang'onopang'ono.

"Yesa, mwina zitheka. Ine sindikusankhira, chifukwa ntchito imene ingathe ndi yako, ndipo ndikudziwa kuti kwanu mumaidalira. Koma undimvere, ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu ndi zisanu. Mwana si chitsiru. Munthu wamkulu ukamunamiza amakhulupirira theka, theka linalo amasunga. Mwana amakupatsa mtima wonse, ndipo amamanga nyumba pa mawu ako. Ukabwera ndi bodza lachiwiri kuti uchirikize loyamba, iye amalitenganso n'kumangira chipinda china. Tsiku lodzagwa nyumbayo, imadzagwera iye, iwe uli kutali."

"Koma makhadiwo sindinalembe ndine. Ndimangosaina."

"Ndi zoona. Analemba ndi a ku ofesi, anasindikiza ndi ena, ndipo amene wakhala akukukankhira muluwo chaka chathunthu, osafunsa kuti ukupita kwa yani, ndine nkhalambane. Manyazi ako ndi anganso. Koma dzanja limene mwana uja amalidziwa ndi lako. Zimene unauzidwa dzulo si zabodza, a Naylor akanena amachita. Ukhoza kutaya wigi, ukhoza kutaya kutchuka, anzako kusukulu akhoza kukuseka. Zimenezo zimawawa, ndisakunamize. Koma wigi amavala wina, Lachitatu sewero limapitirira. Bambo ake a mwana uja palibe amene angawalowere m'malo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pukuta pakamwa, akubwera."

5. Heather

Heather anali kamtsikana kakang'ono, ka magalasi omatidwa ndi pulasitala pakati. Ataona Vela pafupi anangoti kakasi, kenako anaika zala ziwiri pachipumi. Lorna anagwada paudzu wonyowa kuti alingane naye.

"Moni, Heather."

"Mwadziwa dzina langa! Amayi, mwaona? Ndimakuuzani ine!"

Lorna anayamba kuyankhula ngati Vela.

"Heather, ndili ndi uthenga wofunika. Makoma a chipatala ndi okhuthala kwambiri. Maganizo sadutsa. Ndiye adadi ako uziwalembera kalata."

Mwanayo anakwinya nkhope.

"Aaa, inunso. Mwaiwala? Ulendo uja anakutsekerani pansi pa phiri, munamva mnzanu ali kumwezi. Phiri ndi khoma chachikulu n'chiti?"

"Koma chipatala n'chosiyana. Muli makina ambiri."

"Ndiye kuti ndikufooka ine," anatero Heather, nkhope itagwa. "Ndimadziwa. Ndikamatumiza amayi amandisokoneza, ati tiyi, ati kusamba. Ndiyamba kudzuka m'mamawa, ndizichita kawiri pa tsiku. Munati ndilimbikire. Omva salemba makalata, kulemba ndi kwa anthu wamba. Ndikalemba ndiye kuti ndakayika, mphatso ingandithawe."

Mayi Sugden anatembenukira kumbali, dzanja lili pakamwa. Patali bandi inayamba nyimbo ina.

Lorna anali atatopa. Anatopa ndi wigi, ndi kumwetulira, ndi kunama. Anayang'ana kumene kunali Bambo Naylor, anaona akuseka ndi mtolankhani uja, ndipo mantha anamugwira ndithu. Komabe anatembenukira kwa mwanayo.

"Heather, tiye tiyese pompano. Nditumizire maganizo. Chilichonse. Ulimbike kuposa masiku onse."

Mwanayo anatsinzina, zala zili pachipumi, mpaka nkhope inafiira. Anakhala choncho nthawi yaitali. Atatsegula maso anali akumwetulira.

"Mwamva chiyani?"

"Palibe."

"Ndi lamulo lija, eti? Pano si pagulu. Ndinong'onezeni."

"Si lamulo. Sindinamve kanthu, Heather. Ndangomva malipenga ndi mvula. Sindinayambe ndamvapo maganizo a munthu chibadwire."

Anasolola mapini, n'kuvula wigi wasiliva uja. Tsitsi lake lenileni linali lofiirira, lonyowa ndi thukuta, lomatirira kumutu.

"Dzina langa ndine Lorna Garside. Ndimakhala ku Shipley, bambo anga amayendetsa basi. Masamu amandivuta. Mawu amene umamva pakanema ndi tepi, amayatsa ndi bambo wina dzina lake Stan, amene amakhala kuseri akudya mabisiketi. Chombo chija ndi makatoni."

"Bodza!"

"Makhadi aja ndi osindikiza. Dzulo lokha ndasaina mazana awiri, onse mawu ake ndi omwewo. Makalata ako sindinawerengepo ngakhale imodzi. Ndinalakwa kwambiri. Pepa."

"Bodza! Ukunama iwe! Amayi akutuma!"

"Funsa mwana aliyense pamzere paja amene ali ndi khadi. Muyerekeze ndi lako."

Heather anayang'ana amayi ake, anayang'ana wigi ali m'manja mwa Lorna. Pamene anayankhulanso, mawu ake anali aang'ono kwambiri.

"Ndiye adadi sanamve?"

"Sanamve."

"Olo tsiku limodzi?"

"Olo limodzi."

"Koma ndinawauza zonse! Ndinawauza kuti ndinayeza chitseko ndi rula, njinga yawo ikhoza kulowa tikachotsa kabati ya nsapato. Ndinawauza kuti atenge chipinda cha pansi, ine ndizikwera kukawatengera zinthu. Ndinawauza kuti ndaphunzira kukankha wilibala yodzaza malasha kuti ndidzathe kuwakankha mpaka kubwalo la mpira. Tsiku lililonse ndimawauza kuti abwere msanga. Ndiye iwo akuganiza kuti ndangokhala chete?"

Mayi Sugden anagwada n'kumukumbatira, misozi ili mbwembwembwe, chifukwa za chitseko ndi wilibalazo nawonso anali kuzimva koyamba.

Heather anadzipulumutsa m'manja mwawo. Anamuyang'ana Lorna ndi maso ofiira.

"Ndimadana nawe," anatero. "Ndidzadana nawe mpaka kufa."

Anathamangira kutsogolo kwa tenti, kumene ana anali akudikirabe pamzere, ndipo mawu ake anamveka kuposa malipenga.

"Samva chilichonse ameneyu! Ndi tepi! Tsitsi lija ndi wigi! Dzina lake ndi Lorna!"

6. Lolemba ndi Lamulungu

Zimene zinatsatira zinali chipwirikiti. Ana ena analira, ena anaseka, anyamata akuluakulu anayamba kukuwa kuti, "Wigi! Wigi!" Mtolankhani uja anasiya Bambo Naylor pakati pa chiganizo, n'kutulutsa kabuku kake.

Bambo Naylor anafika kuseri kwa tenti akuyenda pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anatenga wigi m'manja mwa Lorna, anamukutumula madzi, n'kumuika m'thumba la pepala.

"Ndinakuuza dzulo lomweli," anatero. "Lolemba usapite kovalira. Ubwere ku ofesi kwanga naini koloko, ndi bambo ako. Mayi Ackroyd, inunso. Galimoto ikunyamuka pakatha mphindi khumi."

"Tidzabwera, a Naylor," anayankha mayiwo. "Ndipo ndidzabwera ndi khadi limodzi kuti tidzawerengere limodzi."

Lorna anavala jasi la aphunzitsi ake pamwamba pa zovala zasiliva. Sankamva kunyada kulikonse, ankangofuna kugona. Podutsa patenti ya tiyi anaona jasi lofiira pakona. Heather anali atakhala pabenchi, akulemba pa pepala limene amayi ogulitsa makeke anamung'ambira m'kope mwawo. Ankalemba mokanikiza, mphuno ikutuluka mamina, magalasi atachita nkhungu. Tsamba loyamba linali litadzaza kale. Sanadzutse mutu.

Mayi Sugden anatuluka n'kukumana ndi Lorna pakhomo. Sanathokoze, ndipo Lorna sanayembekezere kuthokozedwa.

"Akulemba," anatero Lorna. "Mawa mukawapatsa, eti? Abwera kunyumba?"

Mayiwo anamanganso mpango wawo, maso ali pansi.

"Pali chimene sindinakuuze, mwanangu, ndinaopa kuti unganene kuti palibenso phindu. Mapepala aja a chipatala amawafuna dzulo, Lachisanu. Kugombe kwapezeka bedi limodzi, ndipo ofuna ndi ambiri. Ndinawapempha a Clifford kuti asasaine mpaka ndifike Lamulungu. Anangotembenuzira nkhope kukhoma."

"Ndiye mwina asaina kale?"

"Kaya. Ndikadziwa mawa."

Hutala ya galimoto inalira kumsewu. Lorna anapempha pensulo kwa Mayi Ackroyd, n'kulemba adiresi ya kwawo ku Shipley pachikutiro cha pulogalamu ya chikondwerero. Pansi pake analemba dzina lake lenileni.

"Chonde, mayi, mudzandiuze. Zabwino kapena zoipa."

Mayi Sugden analandira pepalalo, analipinda, n'kuliika m'chikwama osalonjeza kanthu.

Galimoto inanyamuka. Lorna anatsamira pagalasi lozizira, akuyang'ana milu ya malasha ikudutsa mumvula. Kwinakwake, mabasi atatu kuchokera pamenepo, bambo wina anali chigonere, ndipo mwina anali atasaina, mwina ayi. Mtsikana amene dziko lonse linkati amamva za kumwezi analibe njira yodziwira. Anayenera kudikira wapositi, ngati munthu wina aliyense.